Galimoto Imene Inkabwerera Chambuyo Yokha

Chimene chinayamba kundiuza kuti zinthu sizili bwino ndi dontho la oyilo. Ndikudziwa, ena mwayamba kale kuseka, koma dikirani. Galimoto ya amuna anga, bambo a Nelita, imadontha oyilo kuyambira tsiku limene anaigula, ndipo chidontho chakudacho chimakhala pansi pa injini penipeni, moti posesa m'mawa ndimachita kuwerama kuti ndichione. Ndiye Lachiwiri lina ndikusesa, ndinangoona chili poyera, kutsogolo kwa galimoto, dzuwa likuchiwala bwinobwino. Ndinaima tsache lili m'manja. Dontho siliyenda. Ndiye kuti yayenda ndi galimotoyo. Koma kiyi amakhala ndi ine, ine sindidziwa kuyendetsa, ndipo mwini wake ali ku Nacala.

Ndiyambe ndakuuzani za ife. Timakhala ku Insaca, kumapeto kwa bairu, dera lathu la m'tauni, kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Kwathu kwenikweni ndi chakunyanja ya Amaramba, kumene makolo anga anakhazikika atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ine ndisanabadwe. Kuno ndinatsatira banja. Sipanathe zaka zambiri, bambo a Nelita anapeza ntchito kudoko la Nacala, n'kundisiya ndi ana awiri, Nelita wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi Zito wa zaka zitatu, komanso galimoto yakale yoyera imene anaiimika pansi pa mtengo wa mango. Pabwalo pathu ndi potsetsereka pang'ono, kuchokera kumtengowo kupita kubafa, ndipo galimotoyo inalozetsa matako kumusi.

Pochoka anandisiyira malamulo. Loweruka lililonse ndiziiliza kuti batire isafe. Anandiphunzitsa: ponda chopondera cha kumanzere (eni ake amati embereyaji), ika ndodo ya mudansa, yosinthira magiya, pakati, potokola kiyi, dikira pang'ono, zimitsa, bwezera ndodo pa nambala wani kuti giya igwire galimoto isagubuduke. Buleki ya pamanja inatha kalekale, ndiye anaika miyala iwiri ikuluikulu kuseri kwa matayala a kumbuyo. Anandiuza katatu kuti miyala imeneyi ndisaikhudze. Ndinayankha katatu kuti ndamva. (Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, koma kuvomera ndinkakhoza bwino.)

Mwezi wa Juni kunabwera katoni. Bambo a Nelita anaipatsira mnzawo amene anakwera sitima mpaka ku Entre Lagos, iye n'kudzaisiya pakhomo pa njinga yamoto. M'katimo munali wailesi ya m'galimoto, koma yopanda mabatani, galasi lokhalokha ngati foni yaikulu, yoti umangokhudza ndi chala. Munalinso mtolo wa mawaya amitundumitundu ngati mikanda, ndi kanthu kakang'ono kakuda kokhala ndi diso.

"Muitane a Mesitiri Saide aiike," anatero amuna anga pafoni. "Ikalumikizana ndi foni yanu, ndikamaimba muzindimva ngati ndakhala pambali panu."

Mawu amenewa ndi amene anandipha. Ndikanakhala mkazi wanzeru ndikanaika katoniyo pansi pa bedi mpaka Disembala. Koma tsiku lomwelo ndinabereka Zito, ulendo wa kumsika kukafuna a Mesitiri.

A Mesitiri Saide ndi bambo wachikulire wokonza magetsi a njinga zamoto, wa kofiya yoyera ndi zala zakuda. Anabwera m'mawa mwake zipangizo zili m'thumba la mpunga. Atazula wailesi yakale ya makaseti, munatuluka mphemvu zochuluka moti nkhuku zanga zinachita phwando.

"Mayi, mumawalipiritsa lendi alendowa?" anafunsa osaseka n'komwe.

Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, n'kumalumikiza waya wofiira ndi wofiira, wachikasu ndi wachikasu, wina akuusenda ndi mano. Tepi itawathera anandituma chubu chakale cha njinga, n'kuchilezaleza timizere tomangira. Ine ndinali chiimire pamenepo, maso pa ana, maso pa mawaya, ndikungoganiza za moto. Mawaya amene ndinkawaopawo mpaka lero sanalakwe chilichonse.

Kenako anapita kumbuyo, anaboola pamwamba pa nambala ya galimoto, n'kumangapo kanthu ka diso kaja.

"Nanga ako n'kachiyani, a Mesitiri?"

"Kamera. Mukaika mudansa pa R, galasi lija limaonetsa zonse za kumbuyo. Kuti pobwerera musaponde mbuzi ya eni ake."

"Ine sindiyendetsa."

"Ndiye mbuzi zapulumuka."

Anatenga foni yanga, anadinadina, ndipo mwadzidzidzi m'galimoto munalankhula mkazi, m'Chipwitikizi, mawu osalala ngati a kubanki, kunena kuti talumikizana. Ndinadumpha. A Mesitiri anati ndisaope, ameneyo sadya, sasamba, ndipo salanda mwamuna. Anaimbira bambo a Nelita pomwepo kuti tiyese.

Abale, mawu awo anatuluka m'zitseko zonse zinayi. Sanali mawu opyapyala a pafoni aja ayi, anali mawu awo enieni, ndi kakhosi kawo kaja kokhala ngati angodzuka kumene. Nelita anasuzumira pansi pa mpando. Zito anaika khutu pachitseko n'kunena kuti, "Papa ali umu. Atsekuleni." Ine ndinayang'ana kumbali, ndinanamizira fumbi.

Kuyambira pamenepo galimoto inasanduka chipinda changa chochezera. Dzuwa likapendeka, ndikamaliza ntchito, ndinkasamba, kudzola, kukakhala kumpando wa kumanzere, wa mkazi wa mwini galimoto, n'kupotokola kiyi kuti wailesi iyake. Masabata oyamba amuna anga ankaimba foni tsiku lililonse. Kenako anati asinthidwa nthawi yogwirira ntchito. Kenako netiweki. Masiku ena ndinkangokhala, ine ndi mpando wawo wopanda munthu, ndi mkazi wa m'wailesi uja amene ankandilonjera kamodzi n'kukhala chete. (Ndivomere, tsiku lina ndinamuyankha. Ndinati, "Zikomo, kaya inu.")

Tsopano tafika pamene ndikuchita napo manyazi.

Loweruka lina ndikuliza injini, ndinakumbukira za R ija. Nditazimitsa injini ndinasiya wailesi ili chiyakire, ndinaponda embereyaji, ndinakankhira ndodo pa R, ndipo pagalasi panaoneka bwalo langa lonse: bafa, chingwe choyanikira zovala, tambala akudutsa monyada ngati wa m'filimu. Ana anakuwa. Zito anathamangira kumbuyo, ndipo tinamuona pagalasi, mutu waukulu ngati dzungu, miyendo ing'onoing'ono. Tinaseka mpaka misozi. Panali patapita nthawi ndisanaseke choncho.

Ndiye maganizo anandibwerera. Ndinali ndi kapulana yatsopano (ena mumati chitenje) imene bambo a Nelita anali asanaione. Ndinaivala, ndinamanga duku, ndinakhazika Nelita pampando wa dalaivala, ndinamupatsa foni kuti ajambule galasilo, ndinaika nyimbo, ine n'kupita kumbuyo kwa galimoto kukavina. Mufunsa kuti bwanji sanangondijambula ndi foni mwachindunji. Funso labwino. Ndinkafuna andione ndili pa televizau, ngati akazi amene amawaona kumeneko ku Nacala. Musandiweruze, dikirani kaye.

Ndinavina. Mayi wa ana awiri, masana dzuwa likuswa mtengo, kuvinira nambala ya galimoto. Ndili pakati podula chiuno ndinapunthwa pamwala umodzi uja, chala chachikulu n'kusupuka. Ndinayambiranso, ndinapunthwanso. Poonera zimene Nelita anajambula, ndinaona kuti ndikuvina mopewapewa ngati ndikudumpha minga. Ndinakwiya. Ndinaigubuduza miyala yonse iwiri mpaka kuseri kwa khitchini, ndinasesa bwinobwino, n'kuvinanso kachitatu. Mumtima ndinati ndiibwezera ndikamaliza. Koma umodzi unakwanira bwino ngati fuwa pamoto, winawo n'kukhala pochapira. Galimoto nayo inali phee, ndodo ndinaibwezera pa wani, ndiye ndinati miyala ija inali mantha chabe a amuna.

Kanemayo ndinatumiza. Ndinadikira tsiku lonse. Yankho linabwera m'mawa mwake: "Kamera ikuonetsa bwino. A Mesitiri amadziwa ntchito."

Basi. Za kapulana ayi, za chiuno ayi. Chala changa chinatupa sabata yathunthu chifukwa cha ulemu wa a Mesitiri.

Tsopano tibwerere ku dontho la oyilo. Linaonekera patapita masabata awiri chivinireni. Ndinajambula mzere ndi kamtengo kuseri kwa tayala. Mawa lake madzulo tayala linali litaponda mzerewo. Ndinajambula wina. Mkuja, chimodzimodzi. Tsiku lililonse galimoto inkabwerera chambuyo, mwina chikhatho chimodzi, mwina ziwiri.

Poyamba ndinaganiza akuba. Koma wakuba wanji woba galimoto pang'onopang'ono ngati akudya chimanga chokazinga? Kenako ndinaganiza mkazi wa m'wailesi uja. Chinthu cholankhula chopanda pakamwa chingalephere bwanji kuyendetsa chopanda manja? Kuuza bambo a Nelita sindikanatha, akanafunsa za miyala, ndipo ine m'mutu mwanga miyala ndi nkhaniyi sizinkakhudzana n'komwe. (Inde. Ndikudziwa.) Ndinapita kwa a Abiti Mussa, mayi woyandikana nafe amene amagulitsa nsomba zouma pamsika, munthu yekhayo kuno amene ndimatha kumubwereka mchere osachita manyazi.

Anabwera, anazungulira galimoto manja ali kumbuyo.

"Yasowa mwini wake iyi," anatero. "Ikufuna kupita ku Nacala."

"Chambuyo?"

"Nanga inu mukanakhala ndi matayala, simukanapita ngakhale chambali?"

Sindinaseke. Ndiye anandiuza nzeru: ndiwaze phulusa kuzungulira galimoto, aliyense wobwera, kaya munthu kaya chinthu, asiya mapazi. Ndinawaza. M'mawa phulusa linali losalala, galimoto sinasunthe. Ndinapita kumjigo, kumene mzere wa zidebe umatha ola lathunthu, pobwera ndinapeza yasuntha, phulusa lili mapazi okhaokha. Ndinagwada n'kuwayang'anitsitsa ngati wapolisi. Onse anali ang'onoang'ono, a Nelita ndi Zito. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawakalipira kuti andifufutira mapazi a mfiti.

Ndinawaletsa kuyandikira galimoto. Nelita anati, "Chabwino, mama," maso ali pansi, mwaulemu kwambiri. Anatengera ine kuvomera.

Lachisanu lotsatira ndinapitanso kumjigo, koma ndinapeza wawonongeka, ndiye ndinatunga pachitsime cha pafupi n'kubwerera msanga. Ndisanakhote pampanda ndinamva nyimbo. Nyimbo yanga ija, yovinira. Nditakhota ndinaona zonse nthawi imodzi, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaziona. Mtondo uli pakhomo pamene unagubuduzidwa potuluka, umene Nelita ankakwerapo kuti afikire chitini cha kiyi pamwamba pa kabati. Nelita ali pampando wa dalaivala, mutu wokha ukuoneka, watsetserekera pansi kuti mwendo ufike pa embereyaji, manja onse awiri akulimbana ndi ndodo ya mudansa. Ndipo Zito ali kumbuyo kwa galimoto, wamanga duku langa m'chiuno, nkhope pafupi ndi kadiso kaja, akudula chiuno ngati mayi ake.

Ndipo galimoto ikuyenda.

Masiku onsewo matayala anali mumchenga wa pansi pa mango, ndiye mwana akaponda embereyaji inkangosuntha pang'ono n'kuima. Tsiku limeneli inali itafika pouma, pamene ndimasesa mpaka kuwala. Inayamba mwaulesi, mwakachetechete, popanda injini, ngati ng'ombe ikudzuka. Zito ankaona ikumuyandikira n'kumaseka, ankayesa ndi masewera, n'kumabwerera pang'onopang'ono uku akuvinabe.

Sindikumbuka kuponya chidebe. A Abiti amati anamva kuphulika kwake ali kwawo. Sindikumbukanso kuthamanga. Ndimangokumbuka dzanja langa litagwira kamkono ka Zito, ndikumukoka mwamphamvu moti tonse tinagwera m'mbali, iye pamwamba panga, ndi tayala likudutsa pafupi ndi phazi langa, pafupi moti ndinaona kamwala kamene kanakanirira m'mizere yake. Duku lija linatsalira pansi, tayala linaliponda.

"Chotsa mwendo, Nelita!" ndinakuwa. "Chotsa mwendo!"

Koma mwana akaopa amaponda kwambiri. Galimoto inapitirira, inadula chingwe cha zovala, inalowa m'bafa ndi matako, udzu ndi nsungwi zili thyothyothyo, mpaka inakagunda chulu chaching'ono cha kuseri kwake n'kuima. Nyimbo inali ikuimbabe.

Ndinatsekula chitseko, ndinamutulutsa Nelita, ndinamupapasa mutu, manja, miyendo. Analibe bala. Zito anangosupuka chigongono, ndipo ankalira chifukwa cha duku. Ndinakhala pansi pomwepo, m'matope a bafa, ana onse awiri ndawapanikiza pachifuwa. Pagalasi la wailesi, poti ndodo inali italowa pa R pomaliza, pankaoneka chinthu chimodzi chachikulu bwino: kabudula wanga wamkati, amene ndinkayanika m'bafa kuti anthu asamuone, atakola pa kamera.

A Abiti anafika akuthamanga, anayang'ana ana, anayang'ana bafa, anasuzumira pagalasi. Anatsekula pakamwa n'kutsekanso. Mulungu awadalitse.

Nditapeza mpweya ndinamugwira Nelita mapewa. Ndinkafuna kumumenya, sindinama.

"Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Anandiyang'ana, mamina ali mbwee. "Ndimafuna ndimujambule Zito titumize kwa papa. Mwina iyeyo akamuona ayankha zambiri."

Dzanja langa linagwa lokha. Ndiye kuti mwanayu anaona. Anaona ndikudikira tsiku lonse, anaona ndikuwerenga kayankho kaja kawirikawiri ngati mwina mawu ena abisala pansi pake. Masabata onsewo, ine ndili kumjigo, iye ankayesa kukonza zimene mayi ake analephera.

"Nanga miyala ija ili kuti, mayi a Nelita?" anafunsa a Abiti, akuyang'ana pansi pa mango.

"Wina uli pamoto."

"Winawo?"

"Ndimachapirapo."

"Eya," anatero. "Mfiti ija tayipeza."

Anati tiitane anyamata aikankhire pamalo pake, tibwezere miyala. Ndinakana. Mwala munthu amachotsa, ndine mboni. Kiyi mwana amamupeza, ngakhale umubise kudenga. Ndinkafuna chinthu choti ngakhale ine mwini, tsiku limene kusungulumwa kwandizunguza mutu, ndisathe kuchisintha.

Ndinatenga khasu. Ndinakumba dzenje kutsogolo kwa tayala lililonse, anayi onse, lakuya kufika m'bondo, mbali ya kutayala ndikuisiya yotsetsereka. Dothi la pafupi ndi bafa ndi lofewa, komabe ndinakumba mpaka manja anatuluka matuza, Zito ali kumsana chifukwa sindinkafuna achoke pathupi panga. Anthu odutsa ankaima pampanda. A Abiti anakhala pamtondo n'kumandiyang'ana.

"Mukudzala galimoto, anzanga?"

"Ee."

"Ikabereka mundisungireko kamodzi. Kakang'ono, kopitira kunyanja."

Nditamaliza anaitana akazi awiri ogulitsa nawo nsomba, ine ndinaika ndodo pakati, ana tinawaimika kutali, ndipo tinaikankha kuchokera kuchulu. Inalowa m'maenjemo ndi kaphokoso kamodzi, n'kukhala pamimba ngati nkhuku yofungatira. Ndinakwirira matayala, ndinapondaponda dothi ngati ndadzala nthochi. Kadiso kaja ndinakamata ndi dothi la pachulu, lija likauma limafuna nyundo. Kiyi ndinamumanga pachingwe m'chiuno mwanga, mkati mwa zovala, ndipo ndimagona naye, kusamba naye.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti wailesi ija ndinaizula n'kuitaya. Ayi. Dzuwa likapendeka ndimakakhalabe m'menemo, kungoti tsopano polowa ndimachita kutsika ngati ndikulowa m'bwato. Ana amakhala kumpando wa kumbuyo, pamene ndikuwaona. Bambo awo akaimba foni, mawu amatulukabe m'zitseko zonse zinayi, ndipo amafunsa ngati ndikuiliza Loweruka lililonse, ine n'kuti ee, zimene zili zoona. Akati nditumize chithunzi, ndimajambula kuyambira pamagalasi kupita m'mwamba.

Akubwera mu Disembala, mvula itagwa kale kangapo, dothi litagwirana. Ndakonzeka. Ndidzawalandira chikwama, ndidzawapatsa madzi osamba kuseri kwa nyumba poti bafa kulibe, adzadya, adzanyamula ana awo onse awiri amoyo, mmodzi dzanja ili wina dzanja ilo. Akadzafunsa za galimoto, ndidzawapatsa khasu.